Mphika umodzi, mbale ziwiri: kukonza zakudya zolimbitsa thupi za banja ndi galu wapakhomo

Agalu ambiri m'makomo mwathu amadya mkute wa dzulo wothira msuzi wotsala, basi. Pakapita miyezi mwini wake amayamba kudabwa kuti nthiti za galuyo zikuwerengeka, ubweya ukusosoka, chimbudzi chake n'chamadzimadzi. Akatero amathamangira kukagula makapisozi a mavitamini, kapena amangotapako pa amene iye akumwa n'kumupatsa. Anthufenso timachita chimodzimodzi ndi matupi athu: timagula botolo la ufa wa chammwamba pa mtengo wokwera m'tauni, mtengo wake uli kuseri kwa bafa.

Zakudya zimene zimagwira ntchito yoposa kukhutitsa zili pamsika wathu womwewu, ndipo zambiri mwa izo munthu ndi galu akhoza kudyera limodzi. Vuto lili pa kakonzedwe, pa mlingo, komanso pa nthawi yopatula gawo la galu. Malangizo awa akuyenda ndi zinthu zinayi: dzungu kapena mbatata yofiira mkati, usipa, chammwamba ndi chambiko.

## Zofunika kukhala nazo

Dzungu lokhwima bwino, kapena mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira kapena Zondeni. Usipa kapena matemba ouma, opanda fungo lowola ndiponso opanda tizilombo. Masamba a chammwamba, amene ena amati kangaluni, a ku Chigwa cha Shire amati sangowa. Chambiko kapena yogati wopanda shuga. Nsinjiro za mtedza wosankhidwa bwino. Malambe kapena mandimu, koma awa ndi a anthu okha.

Pa ziwiya: mapoto awiri, lichero, mtondo ndi munsi, sefa, botolo louma lotsekeka bwino, supuni yaikulu, supuni ya tiyi, ndi mbale ya galu yakeyake. Pakufunikanso sikelo, ngakhale yobwereka.

## 1. Muyeze galuyo, ndipo muyang'aneni m'kamwa

Kwerani pa sikelo nokha, lembani. Kenako munyamuleni galuyo mukwere naye, muchotsere. Milingo yonse m'munsimu ndi ya galu wamkulu wa makilogalamu 15 mpaka 20. Ngati wanu ndi wochepera theka la pamenepo, mlingonso ukhale theka.

Tukulani mlomo wake wam'mwamba muone nkhama. Zikhale zofiirira ngati za munthu wathanzi. Zikakhala zotuwa kapena zachikasu, siyani kaye nkhani ya chakudya, pitani kwa dokotala wa ziweto, chifukwa kawirikawiri chimenecho ndi chizindikiro cha matenda obwera ndi nkhupakupa kapena njoka za m'mimba zimene zamutha magazi.

Chenjezo: apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Galu wodzaza njoka za m'mimba sanganenepe ngakhale mumupatse chambo tsiku ndi tsiku. Mankhwala a njoka amapatsidwa pakatha miyezi itatu iliyonse kwa galu wamkulu. Ofesi ya zaulimi ya kwanu ili ndi mlangizi wa ziweto, ndipo kuli mabungwe osamalira nyama, ku Lilongwe LSPCA, ku Blantyre BSPCA. Mukapita kumeneko mufunsenso za katemera wa chiwewe, chifukwa palibe chakudya chilichonse chimene chimateteza ku chiwewe.

## 2. Sankhani chimanga ndi mtedza, tayani zachuku

Sitepe iyi ikuoneka ngati yosakhudzana ndi zakudya zolimbitsa thupi, koma ndikanati ndisankhe imodzi yokha mwa zonse, ndikanasankha iyi.

Timakonda kusankha chimanga chabwino kupita nacho kuchigayo, chowola chija n'kunena kuti ndi cha galu ndi nkhuku. Chuku chimene chimamera pa chimanga ndi mtedza wosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu amawononga chiwindi. Kwa munthu amagwira pang'onopang'ono, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zimayambitsa khansa ya chiwindi. Galu sachedwa naye: amasiya kudya, amasanza, maso ndi nkhama zimasanduka zachikasu, masiku ochepa wapita. Mu August 2024 boma la Zambia lidalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chokhala ndi aflatoxin, ndipo ufa wina wa anthu udachotsedwa pamsika chifukwa cha nkhani yomweyo.

Thirani mtedza pa lichero. Chotsani wonse wofwapa, wosweka, wakuda, wobiriwira mkati kapena wowawa mukauluma. Chimanga chimodzimodzi. Zochotsedwazo zikwirireni kapena kuziwotcha.

Chenjezo: kuphika kapena kukazinga sikupha poizoniyu. Nsima ya ufa wachuku imakhalabe yachuku ngakhale itabwata ola lonse. Madeya ogula pamsika anunkhizeni musanalipire, akakhala ndi fungo la chinyezi kapena ali mibulumibulu, asiyeni.

## 3. Konzani ufa wa chammwamba

Thyolani nthambi zanthete m'mawa mame atauma. Tsukani m'madzi oyera, gwedezani madziwo achoke, kenako pululani masamba kusiya timitengo tonse. Yalani masambawo mopyapyala pa lichero kapena pa nsalu yoyera, m'nyumba kapena pakhonde pamene dzuwa silifika koma mphepo ikudutsa. Tembenuzani kawiri pa tsiku. Nyengo yotentha amauma m'masiku atatu kapena anayi. Nthawi ya mvula kapena ya chiperoni amatenga nthawi yotalikirapo, ndipo muziwayang'anitsitsa kuti asachite nkhungu.

Auma pamene mukawafinya m'dzanja akuphwanyika kuti tswatswa. Sinjani mu mtondo wouma, sefani, thirani m'botolo, tsekani, ikani pamdima. Ufa wabwino umakhala wobiriwira kwambiri. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi pangani wina.

Chenjezo: musayanike padzuwa ngati mfutso. Dzuwa limawononga mavitamini ena a m'masambawo, makamaka amene thupi limasandutsa vitamini A, ndipo ufa umatuluka wotuwa. Gwiritsani ntchito masamba okha. Mizu ndi makungwa zisiyeni, kwa anthu ndi kwa galu yemwe, makamaka kwa amayi oyembekezera.

Mlingo wa munthu wamkulu ndi supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri pa tsiku, kuthira mu phala kapena mu ndiwo mphika utatsika kale pamoto. Galu muyambe naye ndi kansonga ka supuni ya tiyi, mufike pa theka la supuniyo pakatha sabata. Mukachulutsa, nonse awiri mutsegula m'mimba.

Ndinene mosabisa: chammwamba ndi ndiwo yabwino ya masamba yokhala ndi ayironi, kashiamu ndi mapuloteni. Si mankhwala a shuga, BP kapena khansa monga ena amalengezera m'mabasi. Amene akumwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV asasiye mankhwalawo, ndipo awauze a kuchipatala kuti akudya ufawu tsiku lililonse.

## 4. Phikani dzungu kapena mbatata

Tsukani, dulani mapisi, chotsani nthanga, phikani ndi madzi ochepa mutavindikira. Musathire mchere, shuga kapena soda. Likapsa, tapani gawo la galu, chotsani khungu, likanyeni ndi foloko mpaka lisalale.

Galu amalandira supuni zazikulu ziwiri pa chakudya chimodzi. Dzungu lili ndi ulusi umene umayamwa madzi m'matumbo, n'chifukwa chake limathandiza galu amene chimbudzi chake chafewa pang'ono, komanso amene wadzimbidwa. Mtundu wachikasu uja ndi umene thupi limausandutsa vitamini A wothandiza maso, khungu ndi chitetezo cha m'thupi. Galu amatha kusandutsa chimodzimodzi ngati munthu, pamene mphaka satha.

Gawo la banja lithireni nsinjiro likhale futali. Uku si kukometsa kokha. Vitamini A amalowa bwino m'thupi pakakhala mafuta, ndiye mbatata yofiira mkati yodya ndi nsinjiro imapindulitsa mwana kuposa yongowiritsa. Nthanga zija musataye. Zikazingeni, n'zabwino kwa anthu, mukhozanso kuzisinja n'kuthira mu nkhwani.

Chenjezo: mbatata yaiwisi kapena yowola pena musamupatse galu. Dzungu si mankhwala a kutsegula m'mimba kulikonse. Mwana wa galu amene akusanza, wafooka, ndipo chimbudzi chili ndi magazi ndi fungo loipa kwambiri, ameneyo akhoza kukhala ndi matenda oopsa a m'matumbo otchedwa parvo, ndipo tsiku limodzi lochedwa limatha kumupha. Galu wamkulunso akapitirira masiku awiri akutsegulabe, pitani naye.

## 5. Phikani usipa, patulani gawo la galu musanathire anyezi

Sankhani usipa, chotsani mchenga ndi zinyalala. Viikani m'madzi ofunda kwa mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, tayani madziwo. Ngati nsombayo idathiridwa mchere poyanika, sinthani madzi kawiri. Wiritsani m'madzi okha mpaka ufewe.

Tsopano imani kaye. Tapani kadzanja kamodzi, ndi msuzi wake pang'ono, muike mu mbale ya galu. Mukatero ndiye mupitirize ndi za banja: mafuta, anyezi, tomato, mchere, tsabola, monga mwa masiku onse.

Chifukwa chake n'chakuti anyezi ndi adyo zimaphwanya timaselo tofiira ta m'magazi a galu. Zaziwisi, zophika, zokazinga, zaufa, zonse n'chimodzimodzi. Ndipo sizioneka tsiku lomwelo. Galu amene amanyambita msuzi wa anyezi tsiku ndi tsiku amangoyamba kufooka, kupuma mwawefuwefu akathamanga pang'ono, nthawi zina mkodzo kudera. Ine ndemwe ndidakhala zaka ndikukhuthulira Tayiga wanga zotsala zonse za m'mbale, msuzi wa nyemba wodzaza anyezi, ndikudziona ngati womukonda. Adandidzudzula ndi mlangizi wa ziweto atabwera kudzabaya katemera, ataona mbale ya galuyo pakhonde timapisi ta anyezi tikuyandama. Kuyambira pamenepo ndimapatula gawo lake ndisanathire anyezi.

Ubwino wa usipa ndi matemba ndi woti timadya zonse, mutu ndi minga yomwe. M'minga muli kashiamu, m'mutu ndi m'maso muli vitamini A, m'mnofu muli mapuloteni ndi mafuta abwino a nsomba. Amene mumadula mitu ya usipa n'kutaya, mukutaya gawo labwino. Kwa mwana woyamba kudya, kazingani usipawo pang'ono, sinjani, sefani, muzithira supuni imodzi mu phala.

Chenjezo: nsomba ya galu ikhale yophika. Nsomba zina za m'madzi opanda mchere zikadyedwa zaziwisi kawirikawiri zimawononga vitamini B1 m'thupi, ndipo kuphika kumathetsa vutoli. Minga ya chambo, ya kampango kapena ya mlamba musamupatse, imabaya kukhosi. Mafupa ophika a nkhuku nawonso amasweka mosongoka n'kuboola matumbo.

Ngati galu wanu amadya chakudya cha m'matumba chogula kusitolo, usipa ndi chongowonjezera, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo zowonjezera zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a chakudya chake. Koma ngati chakudya chake ndi nsima kapena phala la madeya, nsombayo si yowonjezera ayi, ndiyo ndiwo yake, ndipo imafunika tsiku lililonse, kusinthanitsa ndi dzira lowiritsa kapena zam'kati zophika. Chiwindi ndi chabwino koma kachidutswa kakang'ono kamodzi kapena kawiri pa sabata n'kokwanira. Chikachuluka, vitamini A amaunjikana m'thupi n'kuwononga mafupa.

## 6. Onjezani chambiko

Agalu ambiri akakula sagaya bwino shuga wa mu mkaka, ndiye mkaka wamadzi umawatsegula m'mimba. Mu chambiko gawo lina la shugayo ladyedwa kale ndi tizilombo tabwino timene timasasitsa mkaka. Yambani ndi supuni ya tiyi imodzi. Akakhala bwino masiku awiri, fikani pa supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri. Akaonetsa kuti sakugwirizana nacho, musiyeni, si chokakamiza.

Anthu mukhoza kudya chambiko ndi nsima kapena kumwa chokha. Ngati mukupanga nokha kunyumba, wiritsani kaye mkakawo musanausasitse, chifukwa mkaka wosawiritsa umatha kufalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena.

Chenjezo: yogati wotsekemera wa zipatso si wa galu. Thobwa, mahewu ndi masese a mowa nazonso ayi. Pa chilichonse cholembedwa kuti chilibe shuga, werengani pa chikutiro. Mukaona mawu akuti xylitol, chibiseni kutali. Awa ndi mankhwala otsekemeretsa amene amapezeka mu chingamu, mu mankhwala ena otsukira mano ndi mu chiponde china chochokera kunja. Kwa munthu alibe vuto, koma kwa galu amagwetsa shuga wa m'magazi m'kanthawi kochepa n'kuwononga chiwindi.

## 7. Sakanizani, ndipo muyambe pang'onopang'ono

Mbale ya galu ikhale motere: nsima kapena phala lozizira, usipa ndi msuzi wake wopanda mchere, dzungu lokanya, kaufa ka chammwamba, chambiko pamwamba. Sakanizani ndithu, apo ayi adzatola nsomba zokha n'kusiya zinazo. Madzi akumwa oyera akhale pambali nthawi zonse.

Musayambe zonse tsiku limodzi. Sabata yoyamba dzungu ndi usipa. Yachiwiri onjezani chammwamba. Yachitatu chambiko. Mukatero, chinthu china chikamuvuta mudzadziwa kuti ndi chiti. Zotsala mu mbale zitayeni pakatha ola, mbaleyo itsukeni. Dzungu lophika limakhala masiku atatu mu furiji. Popanda furiji phikani la tsiku lomwelo.

Chimbudzi chimasintha m'masiku ochepa, koma ubweya umatenga mwezi ndi theka kapena iwiri kuti uyambe kuwala. Muyezeni pa sikelo kamodzi pa mwezi. Galu ali bwino pamene nthiti zikumveka mukamusisita koma sizikuonekera patali.

## 8. Malambe ndi mandimu: za anthu okha

Ayironi wa m'masamba ndi nyemba amalowa bwino m'thupi akakumana ndi vitamini C. Viikani malambe m'madzi owiritsa ozizira, sefani, imwani pa nthawi ya chakudya, kapena finyirani ndimu mu ndiwo zamasamba, kapena idyani gwafa mukamaliza. Tiyi amachita zosiyana, amatchinga ayironi, choncho mumwe patapita ola mutadya. Soda wothira mu nkhwani ndi therere amafewetsa msanga koma amawononga vitamini C ndi B1. Chepetsani, kapena dulani masambawo mopyapyala kuti apse okha.

Galu safuna zimenezi. Thupi lake limapanga lokha vitamini C m'chiwindi, chinthu chimene thupi la munthu silitha. Malambe asiyireni ana.

## Nanga makapisozi?

Mafuta a nsomba a omega-3 ndi amodzi mwa ochepa amene madokotala a ziweto amalembera agalu okalamba a nyamakazi ndi a khungu loyabwa, koma mlingo wake umatengera kulemera kwa galu, ndiye akuuzeni dokotala. Musawasokoneze ndi cod liver oil, mafuta a chiwindi cha nsomba, amene ali ndi vitamini A ndi D wambiri, ndipo vitamini D akachuluka amawononga impso za galu. Glucosamine, amene amati amathandiza molumikizana mafupa, amagulitsidwa kwambiri wa anthu ndi wa agalu yemwe, koma umboni woti amathandiza ndi wofooka. Galu wonenepa wopweteka miyendo amapindula kwambiri mukamuchepetsa thupi kuposa mukamugulira botolo limenelo.

Kwa anthu, kumbukirani kuti shuga ndi mafuta ophikira a m'mapaketi ovomerezeka kuno ku Malawi amathiridwa kale vitamini A, mchere umathiridwa ayodini. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid amene amayi oyembekezera amalandira ku sikelo ndi ofunika, ndipo chammwamba sichilowa m'malo mwake. Mapiritsi omwewo asungeni pamwamba, chifukwa galu kapena mwana akameza ambiri ndi poizoni.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Choyamba ndi kupatsa galu mankhwala a anthu. Brufen ndi diclofenac amaboola chifu ndi kuwononga impso zake, Panado amawononga chiwindi ndi magazi mlingo ukalakwika pang'ono. Galu akamamva ululu, mankhwala ake alembe dokotala wa ziweto.

China ndi kukhulupirira kuti adyo amapha njoka za m'mimba ndi kuthamangitsa nthata. Sachita zimenezo, amangomuthera magazi monga anyezi. Chimodzimodzi kumuthira tsabola mu chakudya kuti akhale wolusa: mumangomupweteka m'mimba.

Palinso zakudya zimene kwa ife n'zabwino ndithu koma kwa galu ayi. Mphesa, zouma ndi zaziwisi zomwe, zimatha kuimitsa impso. Chokoleti ndi khofi zimasokoneza mtima wake. Mtedza wa macadamia, umene umalimidwa kwambiri ku Thyolo, umamufooketsa miyendo yakumbuyo n'kumunjenjemeretsa, ndiye amene muli pafupi ndi minda yake samalani ndi wogwera pansi. Nthanga ya peyala, ya mango ndi chitsononkho cha chimanga zimatsekereza matumbo, ndipo kuchotsa kwake ndi opaleshoni.

Ena amachulutsa mlingo poganiza kuti ngati supuni imodzi ikuthandiza, zisanu zithandiza msanga. Dzungu likachuluka limadzaza mimba galu n'kulephera kudya nsomba imene akuifuna kwambiri.

Ena amapatsa ana agalu a mitundu ikuluikulu, monga German Shepherd ndi Boerboel, ufa wa mafupa kapena mapiritsi a kashiamu pamwamba pa chakudya chogula, kuti akule msanga. Kashiamu wochuluka pa msinkhu umenewo amapotoza kakulidwe ka mafupa. Galu wodwala impso, mtima kapena kapamba nayenso asasinthidwe chakudya popanda dokotala, chifukwa nsomba zouma ndi mafuta zikhoza kumuwonjezera vuto.

Chomaliza ndi kusauza apanyumba. Inu mukhoza kupatula gawo la galu mosamala masana, madzulo mwana wotsuka mbale n'kukakhuthulira msuzi wonse wa anyezi mu mbale yomweyo. Auzeni onse, ndi wantchito yemwe, ndipo zotsala za m'mbale zikhale ndi chidebe chakechake chovindikira chimene galu sangachigubuduze.